Mukufuna kumajambulira ana malo awo? Nayi njira yake

Mwa anthu onse amene wojambula mapulani a nyumba amawagwirira ntchito, mwana yekha ndiye safika pamsonkhano, sasaina kontilakiti, ndipo pulani ikalakwika salemba kalata yodandaula. Iye amangochita zake. Chimbudzi chikakhala chamdima amakadzithandizira kuseri kwake. Kalasi ikatentha amasinza, aphunzitsi n'kumati ndi waulesi. Zenera likatalika amakoka benchi n'kukwerapo, tsiku lina n'kugwa nayo. Ntchito ya katswiri wojambulira ana malo, kaya ndi sukulu ya mkombaphala, makalasi a pulayimale, bwalo lamasewera kapena wodi ya ana kuchipatala, yagona pa kumva zimene munthu wamfupiyu sanena.

Digiri yake ndi yomweyo imene amatenga ojambula mabanki ndi nyumba zosanja. Za ana mumachita kuwonjezera nokha, ndipo zambiri mumakaziphunzira kunja kwa koleji.

Mudakali ku sekondale

Limbikirani masamu, fizikisi ndi Chingerezi, chifukwa popanda makirediti abwino pa MSCE ku yunivesite simukasankhidwa. Ngati sukulu yanu imaphunzitsa Technical Drawing, musaithawe. Koma kujambula kumene ndikukulimbikitsani kwambiri ndi kwa kunyumba. Bwerekani tepi kwa kalipentala, yezani nyumba imene mumagonamo chipinda ndi chipinda, kukhuthala kwa makoma ndi pamene pali zitseko, kenako muijambule ngati mwaisasula denga n'kumaiyang'ana muli pamwamba. Masentimita awiri papepala aimire mita imodzi pansi. Sikelo ya 1:50 ndi imeneyo. Mukatha, kayezeni kalasi ya Sitandade 1 pasukulu yoyandikana nanu, muwerengenso ana amene amakhalamo, muone malo amene mwana mmodzi amapeza.

Patchuthi kapempheni ganyu kwa mmisiri wa m'dera lanu, ngakhale yongoponda matope ndi kupatsira njerwa. Mudzaona chifukwa chake amanyowetsa njerwa asanamange, mmene chingwe ndi levulo zimawongolera khoma, ndiponso zimene zimachitika konkire ikapanda kuthiriridwa madzi. Diébédo Francis Kéré wa ku Burkina Faso, munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto yaikulu ya ojambula mapulani a nyumba yotchedwa Pritzker mu 2022, anapita ku Germany kukaphunzira ukalipentala asanalowe yunivesite ya ku Berlin. Amene mapointi sanamukwanire asataye mtima. Makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Namitete ndi Mzuzu amaphunzitsa zomangamanga, ndipo munthu wodziwa kumanga ndi kujambula akhoza kugwira ntchito muofesi ya ojambula mapulani n'kumakwera pang'onopang'ono.

Ku koleji ndi kulembetsa

Ku Malawi maphunzirowa amapezeka ku MUBAS, ku Blantyre, imene mpaka 2021 inkadziwika kuti Polytechnic. Ku Zambia ali ku Copperbelt University ku Kitwe, ku Zimbabwe ali ku NUST ku Bulawayo, ku Mozambique ali ku Eduardo Mondlane ku Maputo. Konzekerani zinthu ziwiri zimene ambiri zimawadzidzimutsa. Choyamba ndi ndalama zapambali: laputopu yamphamvu yokhoza kunyamula mapulogalamu ojambulira mapulani monga AutoCAD, SketchUp kapena Revit, kusindikiza mapepala akuluakulu, makatoni ndi guluu zopangira tinyumba tachitsanzo. Chachiwiri ndi kuimirira pamaso pa aphunzitsi ndi anzanu, ntchito yanu itapachikidwa pakhoma, iwo n'kumaikhadzula. Poyamba zimawawa. Zolowerani, poti komiti yasukulu ndi amene akupereka ndalama adzakufunsani mafunso owawa kuposa amenewo.

Nthawi iliyonse imene akupatsani ufulu wosankha projekiti, sankhani ya ana, ndipo yomaliza ya digiri ikhale ya malo enieni amene mungathe kupitako ndi minibasi, osati ongopeka. Mukamaliza mudzakhala ndi ntchito zingapo zoloza mbali imodzi, zoti mukaonetse pofuna ntchito.

Digiri payokha siyikupatsani mphamvu yosainira mapulani. Mumayamba mwagwira ntchito pansi pa katswiri wolembetsedwa kale, kenako n'kuyesedwa. Ku Malawi olembetsa ndi a Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo bungwe la akatswiriwo ndi Malawi Institute of Architects. Ku South Africa ndi SACAP. Ku Britain ndi ARB, ndipo ulendo wonse kumeneko umatenga zaka zosachepera zisanu ndi ziwiri. Pitani ku bodi mudakali chaka chomaliza mukafunse zimene amafuna, ndipo kuyambira tsiku loyamba pantchito muzilemba m'buku chilichonse chimene mwagwira, bwana wanu azisainira. Kudzakumbukira za zaka ziwiri zapitazo usiku umodzi n'kosatheka.

Khalani pansi, muone

Gawo ili ndilo limasiyanitsa wojambulira ana ndi wongojambula nyumba yaing'ono n'kuipaka penti yamawangamawanga. Sankhani sukulu ya mkombaphala kapena malo a mmera mpoyamba a m'mudzi, mukapemphe chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti, kumudzi mudzerenso kwa amfumu. Nenani momveka chimene mwadzera. Musakhale nokha ndi mwana m'chipinda, musajambule nkhope za ana pafoni, ndipo musaike zithunzi zawo pa Facebook. Mbiri ikangoipa pa nkhani imeneyi, ntchito ya ana mwatsanzikana nayo.

Mukaloledwa, khalani pansi penipeni, pasimenti kapena pamkeka. Mwana wa zaka zitatu amatalika pafupifupi masentimita 95, wa zaka zisanu pafupifupi 110, choncho mutakhala pansi maso anu ali pafupi ndi pamene pali ake. Muli pamenepo mudzaona dziko lina: zenera limene mumaliyesa lalikulu likungoonetsa mtambo, zithunzi zophunzitsira zapachikidwa pamwamba poti aone ndi akulu, chogwirira chitseko chili pamwamba pa mutu, ndipo kunsi kwa tebulo kuli misomali yotuluka imene wamkulu sangaione.

Tsiku loyamba ana adzakuunjirirani, simudzaona kanthu. Bwereraninso mpaka atatopa nanu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayamba kukuiwalani, tengani pulani ya malowo imene mwajambula nokha, muzilembapo pamene ana ali nthawi zosiyanasiyana: pofika m'mawa, pa nthawi ya phala, dzuwa likafika pamutu, mvula ikayamba. Posachedwa mudzaona kuti bwalo lalikulu lapakati limakhala lopanda munthu dzuwa likakula, onse adzazana pansi pa mtengo wa mango ndi m'mbali mwa khoma la mthunzi. Mudzaona kuti osewera phada amafuna pansi posalala, polimba, pojambulika ndi kamtengo kapena khala. A fulaye ndi mpira wachikulunga amafuna malo otambasuka kutali ndi magalasi. A masanje amasaka kangodya kobisika pang'ono, pamene pali dothi, timiyala ndi zitini. Ndipo nthawi zonse pamakhala kamwana kamodzi kamene sikafuna phokoso, kamangofuna pokhala pokha koma poona anzake. Kamwana kameneka mapulani ambiri amakaiwala.

Kenako chezani ndi alezi, ophika phala ndi alonda. Musawafunse kuti akufuna nyumba yotani, adzakuuzani kuti yaikulu ya malata basi. Afunseni kuti, "Mayi, mwana akadzionongera mumakamusambitsira kuti?" "Mvula ikagwa nthawi ya phala mumadyera pati?" "Pali malo amene mukaima simuona ana onse?" "Zidole mumasunga kuti usiku?" Mayankho a mafunso ngati amenewa ndiwo amasanduka zipinda ndi zitseko.

Anawo afunseninso, koma mwa njira yawo. Apempheni akuyendetseni pamalopo, akuonetseni pamene amakonda ndi pamene amaopa, mlezi ali pomwepo. Apatseni dongo kapena makala aumbe ndi kujambula. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene Malawi inalivomereza mu 1991, limanena mu gawo 12 kuti maganizo a mwana azimvedwa pa nkhani zomukhudza, ndipo mu gawo 31 kuti kusewera ndi ufulu wake. Magawo awiriwa muwadziwe pamtima. Amathandiza pamsonkhano wina akamati bwalo lamasewera lichotsedwe pa bajeti poti ndi zachibwana.

Miyezo yoti ikhale m'mutu

Kampando ka mwana wa mkombaphala kamatalika masentimita 26 mpaka 31, tebulo lake 46 mpaka 53. Zenera liyambire pafupifupi masentimita 50 kapena 60 kuchokera pansi kuti mwana aone panja, koma chotsegulira chake chisatulukire pamene ana amathamanga, chingamuboole pamphumi. Sitepe isapitirire masentimita 15. Khomo likhale la masentimita 90 kuti njinga ya mwana waulumali ilowe, ndipo njira yotsetsereka yokwerera pakhonde itsate 1:12, kutanthauza kuti khonde lokwera masentimita 30 lifuna njira yotalika mamita 3.6. Zambiri zimene timaziona pamasukulu ndi zazifupi ndi zoimirira, zomangidwa pongofuna kuti alendo aone kuti zilipo.

Pa mipanda ya pakhonde lokwera, mpata pakati pa zitsulo uchepere masentimita 10. Pa zipangizo zoseweretsa, malamulo a ku Ulaya otchedwa EN 1176 amachenjeza za mipata ya pakati pa masentimita 9 ndi 23: thupi la mwana limadutsa, mutu n'kukodwa. Paliponse pamene mwana angagwe kuchokera pamwamba popitirira masentimita 60, pansi pake pasakhale simenti kapena dothi logangatika, pakhale mchenga wakuya masentimita 30. Penti ikhale yopanda mtovu wa lead, chifukwa ana amanyambita ndi kutafuna chilichonse, ndipo mankhwalawa amaononga ubongo. Thanki, chitsime, dzenje la zinyalala ndi dzenje lililonse losunga madzi zikhale ndi chivundikiro cholemera. Mwana wamng'ono amamira ngakhale m'madzi osafika m'mawondo.

Onani zimene ena anachita

Anthu awa muwafufuze mofatsa, mapulani awo muwajambulenso ndi dzanja lanu.

Kéré anabadwira m'mudzi wa Gando, ndipo ali mwana ankaphunzira m'kalasi ya mabuloko a simenti yotentha ndi yodzaza. Adakali wophunzira ku Berlin anasonkhanitsa ndalama n'kumanga sukulu ya pulayimale kwawo, imene inatha mu 2001 n'kulandira mphoto ya Aga Khan mu 2004. Makoma ndi a njerwa za dothi, siling'i ndi ya njerwanso, ndipo malata anawakweza pamwamba ndi tizitsulo, kusiya mpata woti mphepo izidutsa. Malatawo ndi otambalala kwambiri moti amateteza makoma ku mvula. Anamanga ndi anthu a m'mudzimo. Kwa ife a kuno, sukulu imeneyi ndiyo yoyamba kuiphunzira.

Aldo van Eyck anajambula mabwalo oseweretsa ana oposa 700 mumzinda wa Amsterdam, ku Netherlands, kuyambira 1947 mpaka 1978, ambiri pa timalo tosiyidwa pakati pa nyumba. Ankaikapo zinthu zochepa: bwalo lamchenga lokhala ndi mpanda waufupi wa konkire, timiyala todumphapo, zitsulo zopindika zokwerapo. Sankapanga chokwera chooneka ngati ndege kapena njovu, poti chitsulo chopanda nkhope lero chimakhala nyumba, mawa phiri, mkuja mlatho, malinga ndi mmene anawo afunira.

Takaharu ndi Yui Tezuka anamanga Fuji Kindergarten ku Tachikawa, ku Tokyo, mu 2007. Nyumbayo ndi yozungulira ngati dzira, denga lake ndi bwalo lothamangapo la mamita 183 kuzungulira, mitengo itatu imene anaipeza pamalopo inatulukira padenga, ndipo madzi amvula amagwa poonekera kuti ana aziseweretsa. Musakopere dengalo. Ndalama zake ndi kasamalidwe kake si za komiti ya kumudzi. Tenganipo nzeru yakuti ana amakonda njira yozungulira yopanda polekezera. Khonde lozungulira nyumba yonse limachita zomwezo pamtengo wochepa.

Ntchito yoyamba: tiyerekeze ndi malo a mmera mpoyamba

Kawirikawiri ntchito yoyamba imakhala yaing'ono, yochokera ku mpingo, ku komiti ya m'mudzi kapena kwa mayi amene akutsegula sukulu yake ya mkombaphala. Ngati simunalembetsedwe, igwireni pansi pa bwana wanu. Ndondomeko yake ndi iyi.

Yambani ndi chiwerengero chenicheni cha ana, osati cha papepala. Pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo makalasi sanakwanirepo. Nyumba yatsopano imakoka ana a midzi yoyandikana. Mukauzidwa kuti ana ndi 40, ganiziranitu kumene chipinda chachiwiri chidzamangidwe, ndipo musaikepo chimbudzi pamalo pamenepo.

Kenako yendani pamalopo ndi achikulire a m'deralo. Afunseni kumene madzi amadzera mvula ikakula, kumene mphepo yosasula madenga imachokera, pamene panali chulu, dzenje la njerwa kapena manda. Lembani mtengo uliwonse pa pulani. Mmisiri akafika amayamba n'kudula mitengo kuti malo ayere, ndiye muuzeni molemba imene isakhudzidwe. Mtengo waukulu umodzi ndi kalasi yathunthu imene simunalipire. Onaninso msewu: chipata chisatulukire molunjika pamene pamathamanga galimoto ndi akabaza.

Poika nyumba, makoma aatali okhala ndi mazenera ayang'ane kumpoto ndi kummwera, makoma aafupi opanda mazenera ayang'ane kum'mawa ndi kumadzulo. Dzuwa lakumadzulo la mu Okutobala likalowa pazenera, pansi pa malata opanda siling'i, kalasi imasanduka uvuni. Mazenera akhale mbali zonse ziwiri moyang'anizana kuti mphepo idutse, ndipo pamwamba pa khoma musiye timipata totulutsira mpweya wotentha, totchinga ndi waya kuti mileme ndi mbalame zisalowe. Koma pulani ya ku Nsanje kapena Chikwawa si ya ku Dedza. Kumalo ozizira, ndiponso ku Thyolo ndi Mulanje kumene chiperoni chimabwera ndi nkhungu, mazenera azitsekeka bwino, poti ana aang'ono amakhala pansi ndipo simenti imazizira mu Juni. Kumeneko pezaninso kangodya kakunja kolandira dzuwa lam'mawa, kotetezeka ku mphepo.

Siling'i musaione ngati chokongoletsera. Imachepetsa kutentha, komanso mvula ikamagunda malata mwana amene akuphunzira kumene mawu samva chilichonse chimene mlezi akunena. Ndalama zikachepa, ya bango kapena nsungwi zothiridwa mankhwala a chiswe ndi anankafumbwe imathandiza.

Pa khonde musaumire. Likhale lotambalala mamita awiri kapena kuposa, osati kakhonde kongodutsa munthu mmodzi. Pamenepo ndi podyera phala, pogona wodwala mutu, podikirira makolo, posewerera mvula ikamagwa. Ine ndimaona kuti kuchepetsa chipinda pang'ono n'kukulitsa khonde n'kwanzeru kuposa kuchita mosemphanitsa. M'kati, khoma lakumunsi lipakidwe penti ya bolodi kuyambira pansi mpaka pafupifupi mita imodzi, ana azilembapo ndi choko momwe afunira. Mashelefu akhale aafupi oti mwana adzitengere chidole n'kubwezanso yekha, nzeru imene Maria Montessori, katswiri wa maphunziro a ana wa ku Italy, anayamba kuigwiritsa ntchito ku Rome mu 1907. Muikenso kachipinda kokhoma kosungiramo ufa wa phala ndi zipangizo. Mukakaiwala, kalasi imodzi idzasanduka sitolo.

Za kulimba kwa nyumba, itanani injiniya, musadzidalire. Chivomezi cha ku Karonga mu Disembala 2009 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa mmene makoma opanda lamba wa konkire pamwamba amagwera, ndiponso kuti madzi akasefukira anthu amathawira kusukulu. Pansi pakwezedwe, denga limangiriridwe ku lamba wa konkireyo ndi zitsulo osati kungokhomera pa njerwa zapamwamba, ndipo kuzungulira nyumba kukhale ngalande. Za njerwa, kumbukirani kuti malamulo a mu 2018 amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za mabungwe ku Malawi. Phunzirani bwino mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza simenti pang'ono zopanikizidwa ndi makina. Zachiwirizi zimafuna dothi loyesedwa ndi denga lotambalala loziteteza.

Chimbudzi muchijambule ndi mtima wonse ngati mmene mwajambulira kalasi. Chikhale pafupi moti mwana wa zaka zitatu n'kufikako asanadzionongere, poonekera kwa mlezi, koma mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndiponso kumunsi kwake. Bowo likhale laling'ono kuposa la akulu, popondapo mapazi payandikane, kuwala kulowe kokwanira, chitseko chikhale chachifupi chopanda loko wam'kati. Chimodzi chikhale chachikulu, chokhala ndi chogwirira ndi pokhalira, cha mwana waulumali. Pa sukulu za pulayimale, malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati chimbudzi chimodzi pa atsikana 25, ndipo pa anyamata 50 chimbudzi chimodzi ndi pokodzera. Posambira m'manja, kaya ndi mpopi kaya mpondagiya, pakhale panjira yobwerera m'kalasi, pa msinkhu wa mwana, pansi pake pali timiyala kuti pasachite chithaphwi.

Khitchini ikhale payokha, kumene utsi sulowera m'kalasi, ndipo ikhale ndi kampanda. Mphika wa phala lowira ndi ana anjala othamanga siziyenera kukumana panjira. Jambulani njira imene ndowa ya phala idzadutse ndi pamene ana adzaime pamzere.

Bwalo lamasewera lisakhale zotsala. Katungwe aikidwe pambali, osati panjira yopita kuchimbudzi. Chotsetserekapo chachitsulo chikhale pamthunzi, apo ayi chidzawotcha ntchafu. Matayala akale ndi abwino, koma abooleni kuti asasunge madzi oswetsa udzudzu. Mchenga ukhale ndi chovundikira chifukwa cha amphaka, agalu ndi nkhuku. Mpanda wa nkhadze musauvomere, utomoni wake umaononga maso, ndipo nsatsi zomera zokha zizulidwe poti njere zake ndi poizoni. Komabe musachotse chilichonse chovuta. Chipika chokwerapo, kachulu kokwera ndi kutsika, miyala yodumphapo, zonsezi zimaphunzitsa mwana kudziyesa mphamvu. Chimene mukuchotsa ndi ngozi imene mwana sangaione, monga msomali, bowo lokola mutu kapena thabwa lofumbwa.

Bajeti ikaperewera, ndipo idzaperewera, dulani motere: ziyambe kuchoka ndi zithunzi za makatuni pakhoma, matailosi ndi chipata chokongola. Zomaliza kukhudzidwa zikhale denga lolimba, mthunzi, chimbudzi ndi madzi. Khalani ndi kwantite saveya, katswiri wowerengetsera mtengo wa zomanga, kuyambira pachiyambi kuti mudziwe mtengo wa chisankho chilichonse musanalonjeze kanthu kwa komiti. Mumzinda, pulani ipite kukhonsolo ikavomerezedwe maziko asanakumbidwe.

Pamalo omanga

Mmisiri wazolowera miyezo ya akulu. Mukalemba kuti sinki ikhale masentimita 55 kuchokera pansi, iye adzaganiza kuti mwalakwitsa n'kukukonzerani mwaulemu, kuiika pa 85. Musanayambe, khalani naye pansi mumufotokozere chifukwa cha muyezo uliwonse wachilendo, ndipo dulani ndodo yotalika mita imodzi muisiye pamalopo, muuze onse kuti mwini nyumbayi ndi wotalika chonchi. Mufikepo nokha pa nthawi zimene cholakwika sichingabwezedwe: poika zingwe za maziko, pofika pa msinkhu wa mazenera, pothira lamba wa konkire, pomangirira denga, ndi poumba silabu ya chimbudzi. Ngati sukulu ikupitirira pamene mukumanga, malo omangawo atchingidwe, maenje asagone osavundikira. Musanapereke makiyi, yendani m'nyumba yonse chokwawa, dzanja likusisita m'makona ndi m'mphepete mwa malata ndi zitsulo.

Kodi zimadyetsa?

Zaka zoyamba simungadalire ntchito za ana zokha. Mudzajambula nyumba zogona, mashopu ndi maofesi ngati wina aliyense, za anazo zizibwera mwa apo ndi apo. Eni ntchito zoterezi ndi unduna wa zamaphunziro, makhonsolo, mipingo, eni sukulu zolipira, mabungwe monga UNICEF ndi Save the Children, ndi zipatala. Mercy James Centre, chipatala cha maopaleshoni a ana chimene chinatsegulidwa pa Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2017, ndi chitsanzo cha ntchito zazikulu zimene zimafuna munthu wodziwa kuti mwana wodwala sagona yekha, amabwera ndi mayi kapena agogo ofunanso pogona, pochapa ndi pophika.

Pa sukulu za boma nthawi zambiri mudzapatsidwa pulani yokhazikika kale imene simungaisinthe kwambiri. Musanyoze ntchito imeneyo. Kumene buloko yayang'ana, mtunda wapakati pa mabuloko, mitengo yosiyidwa ndi malo a zimbudzi zili m'manja mwanu, ndipo ana mazanamazana adzakhala ndi zisankho zimenezo zaka zambiri. Ngakhale ntchito yongothandiza mpingo wanu, lemberanani pangano: mudzajambula chiyani, mudzafika kangati pamalo omanga, thiransipoti alipira ndani, ndipo akasintha pulani osakuuzani udindo ndi wa yani.

Bwereraninso

Patatha chaka, makamaka m'nyengo yamvula, pitaninso ndi pulani yanu ndi cholembera chofiira. Onani pamene udzu wafa chifukwa chopondedwa, pamenepo ndiye panayenera kukhala njira. Onani chipinda chimene chasanduka china, zenera limene alitseka ndi katoni, mpopi wothyoka, pamene madzi akudikha, ndi ngodya imene ana aikonda inu musanaiganizire. Funsani alezi chimene chimawatopetsa tsiku ndi tsiku. Zonse lembani m'buku limodzi limene muzilitsegula musanayambe pulani yotsatira, ndipo zithunzi za nyumbayo ili m'kati mogwiritsidwa ntchito, popanda nkhope za ana, ndizo muzionetsa pofunsira ntchito ina.

Pa ulendo womwewo siyirani komiti pepala limodzi la m'Chichewa lonena zoyenera kuchita teremu iliyonse: kumanga mabawuti a katungwe, kuyang'ana zingwe ndi matcheni, kuwonjezera mchenga, kuchotsa masamba m'ngalande mvula isanayambe, kufufuza chiswe m'mapaso, ndi kuona ngati dzenje la chimbudzi latsala pang'ono kudzaza. Pa ntchito iliyonse alembepo dzina la amene adzaichite, pepalalo likhomedwe kuseri kwa chitseko cha sitolo.